Anatiika Kumchira kwa Mndandanda

Ndikulemba izi pofuna kuti zidziwike, osati popempha chifundo kwa wina aliyense.

Ndinagwira ntchito ya udalaivala zaka zambiri pa kampani ina ya ndege zing'onozing'ono, zoyenda maulendo afupiafupi kuchokera ku London. Udindo wanga unali wonyamula oyendetsa ndege pa minibasi, kuwatenga ku hotela ndi kukawatula ku bwalo la ndege. Pantchito yotereyi chilichonse chimayendera mndandanda wa ukulu: amene analembedwa kale ndiye amayamba kusankha mashifiti ndi masiku a tchuthi. Pakati pa madalaivala, ine ndinali pamwamba.

Kampani yatchulidwayi itagulidwa ndi ina yaikulu, ya ndege zopita kutali, panabuka nkhani yophatikiza mindandanda. Oyendetsa ndege a kampani yaikulu ankati zaka zoulutsa tindege sizingafanane ndi zawo. Athu ankati mitambo ndi yomweyo. Mabungwe awo anakangana kwa nthawi yaitali, ndipo mapeto ake athu analowetsedwa mwa apo ndi apo, cha kumunsi. Kaputeni wina waimvi, amene ndinkamunyamula kawirikawiri, anabwezedwa pampando wa wothandizira. Ankadandaula njira yonse, ine n'kumangoti pepani bwana. Za ife sanandifunsepo.

Ife madalaivala tinalibe otikanganira. Anangotenga mayina athu onse n'kuwaika kumchira, pansi pa munthu amene analembedwa ntchito dzana.

Chaka chimenecho abale ku Ntcheu anagwirizana zovundukula chiliza cha malemu mayi athu m'mwezi wa Ogasiti, anthu atakolola. Monga mwana woyamba, ndinayenera kukachotsa nsalu pachilizapo ndi kuyankhula m'malo mwa ana onse. Ndinawatsimikizira kuti ndidzapezeka, popeza Ogasiti ndinali ndisanamanidwepo.

Pofika nthawi yanga yosankha, Ogasiti yense anali atatengedwa. Masabata amene ndinkafuna anatenga mnzathu wina wa ku Zambia, yemwe ndinamuphunzitsa ndine njira za kubwaloko asanasamukire ku kampani yaikulu. Ndinamupeza ku kantini ndipo ndinamupempha mwaulemu kuti tisinthane, nditamufotokozera za chiliza.

"Mudala, nimvela chifundo, koma madamu anagula kudala matiketi," anatero akutafuna, kutanthauza kuti mkazi wake anali atalipira kale ulendo wawo. "Ogasiti mwadya zaka zingati imwe? Lekani naise tidyeko."

Ndinalembera akuluakulu a kampani, kutchula zaka zanga ndi chifukwa changa. Anayankha kuti ndondomeko yatsatidwa ndipo akundithokoza chifukwa cha kumvetsa kwanga. Kumvetsa kumeneko sindinakupereke.

Kumudzi anakana kusintha tsiku, poti abusa anali atauzidwa kale ndipo achibale akutali anali atakonzeka. Malume analamula kuti mng'ono wanga aime m'malo mwanga.

Mwambowo ndinauonera pa foni, nditakhala m'minibasi panja pa hotela, masana. Ndinaona mng'ono wanga akukoka nsalu, dzina la mayi n'kuonekera. Woyendetsa mwambo anamuitana kuti mkulu wa banja, ndipo palibe amene anamukonza. Asanamalize kuyankhula, kaputeni waimvi uja anagogoda pagalasi n'kuloza wotchi yake. Ndinazimitsa foni, ndinatsika, ndinamunyamulira chikwama.

Kuyambira pamenepo, nkhani za pabanja zimayamba zafika kwa mng'ono wanga. Ine amandiuza zitagamulidwa kale, ndipo nawonso amandithokoza chifukwa cha kumvetsa kwanga.