Thumba la Mfuti ya a Mwaanga

Ku Maramba Market aliyense amawadziwa a Keziah osoka zovala. Ndi mayi wa ku Chipata, wosachulutsa mawu, amene anakwatiwa ndi Mtonga, a Mwaanga, woyendetsa malole. Ine ndimagulitsa kapenta pafupi ndi makina awo, ndipo nkhani yawo imandiwawa mpaka lero.

A Mwaanga anali ndi mfuti ya chilolezo. Ankati mbava sizipempha chilolezo, nanga munthu wabwino akhalirenji chimanjamanja? Ankatchulanso njovu zimene zimalowa m'makomboni. A Keziah ankayankha kuti zaka zonsezo mfutiyo sinaonepo mbava kapena njovu, imangoona anthu a m'nyumba momwemo. Komabe anaisokera thumba lolimba kuti ana asamaione.

Amene a Keziah ankamuopa kwenikweni anali Malambo, mwana wa mlongo wa a Mwaanga, yemwe ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo ku Nottie Broadie. Akaledzera ankawauza kuti nyumbayo ndi ya amalume ake, ndipo tsiku lina adzawaonetsa njira ya ku Chipata.

A Mwaanga atagonekedwa m'chipatala, a Keziah anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mfuti ikaperekedwe kupolisi. Bamboyo anawagwira dzanja. "Osadandaula, amake Luyando. Nizauza ba bululu bonse ba pa banja. Izayenda ku polisi."

Maliro atatha, abale anayala katundu wa malemu pabwalo kuti agawe ndi kusankha wolowa dzina, monga amachitira kwawo. Mkulu wa banja ananyamula thumba lija, mfuti ili momwemo, n'kuliika m'manja mwa Malambo. A Keziah anakumbutsa za lonjezo.

"Ba mulamu, ni beve ba Mwaanga banakamba ku chipatala," anatero mkuluyo. "Ati mfuti siichoka pa banja, mupase Malambo. Imwe munachoka kukasuka mbale."

A Keziah anakumbukira tsikulo. Linali lomwe lija anagwiridwa dzanja.

Nyumba anaisiya, pano akukhala kwa mwana wawo Luyando. Chovala chakuda cha maliro anavula nthawi isanakwane, ndipo ine sindinawadzudzule.

Posachedwa Malambo anafika kumsika ndi thumba lija, lopanda kanthu, lamba wake ataduka. "Ba anti, ni imwe munasoka. Nikonzeleniko."

A Keziah anayang'ana msoko wa manja awo omwe, kenako anamubwezera.

"Ninasokela munthu wamene nenze kukhulupilila. Sinisokanso."