Mkwatibwi wa Mtsuko

Anagogoda Lachiwiri m'mawa ndikukolopa. Ndinatsegula ndekha, poti kutsegula chitseko inali ntchito yanga m'nyumba ya amwenye imene ndinkagwiramo ntchito ku Karama, kudziko la Aluya. Anali apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi. Wamkaziyo anafunsa ngati wantchito wa ku Malawi uja ndinali ine. Anayankha ndi madamu, ali kumbuyo kwanga: "Ndi yemweyu." Ndinatsika masitepe ndili chivalire epuloni ndi masilipasi a kubafa.

Mlandu wanga unali woba golide, zibangili ndi mikanda zimene madamu ndi bwana anasungira ukwati wa mwana wawo wamkazi. Mtsikanayo anali atasowa Lamlungu, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti golideyo anatuluka ali m'chikwama cha mwini wake. Chimene ankafuna kwa ine ndi malo amene anabisala. Ndinkawadziwa. Ndinamupezera ndine kogona kwa amayi anzanga a kumudzi okhala ku Deira, dera lina la mzinda womwewo.

Ine ndi mtsikanayo tinazolowerana chifukwa cha mwambo wa m'nyumbamo. Akakhala kumwezi sankaloledwa kulowa m'khitchini kapena kuyandikira kachipinda ka mafano, ndiye ankamutumiza kudzagona pansi m'chipinda changa, n'kumadyera mbale yakeyake. Anali mtsikana wamkulu, wophunzira za mankhwala, wapakamwa. Ankanditchula didi, kutanthauza achemwali.

"Didi, mulungu amene amaopa magazi a mkazi anabadwa bwanji?" anandifunsa tsiku lina.

Ndinamuuza kuti kwathunso mkazi ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akuti anthu angatupe.

"Inu munaonapo munthu atatupa?"

Ndinaseka. Zaka zonsezo ndinkathira mchere m'ndiwo zawo mwezi ndi mwezi, ndipo bwana ankanenepa ndi mafuta basi. Koma ine ndinakulira m'kwaya, ndipo mafunso ake ena ankanditopetsa. Ndinkamuuza kuti agone.

Makolo ake atamupezera mwamuna wa mtundu wawo, munthu amene anamuona kamodzi pa foni, wopenda nyenyezi ananena kuti mtsikanayo anabadwa tsiku loipa ndipo mwamuna wake woyamba adzafa. Mankhwala ake anali oti ayambe wakwatiwa ndi mtsuko wadothi, kenako mtsukowo auswe, imfa ipite ndi mtsuko. Mtsuko unagulidwa. Ndinautsuka ndine.

"Didi, alamu anu awo," anatero akuloza mtsukowo. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira. Atapukuta misozi anandipempha kuti ndimuthandize, ndipo sindinaganize nthawi yaitali.

Kupolisi sanandimenye. Ndikulemba zimenezi kuti ndisanamizire munthu. Anandikhazika pampando m'chipinda chozizira ngati furiji, ndili ndi diresi lopyapyala la ntchito, n'kumandifunsa funso limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wofunsayo anali bambo waulemu, wotopa ngati ine ndemwe.

"Khalas, zakwana, mama. Golide tilibe naye ntchito. Nena kumene kuli mwana wa eni, upite."

"Sindikudziwa, bwana."

"Uli ndi ana kwanu?"

"Awiri."

"Ndiye ukuvutikiranji mwana wa mwenye?"

Ndinapempha kangapo kupita kuchimbudzi, anati ndidikire. Zimene zinachitika pambuyo pake sindizilemba. Anandipatsa chidebe ndi sanza kuti ndikonze ndekha.

Anandisamutsira kuchipinda cha amayi odikira milandu. Magetsi sankazima. Mlonda wamkazi ankatidzutsa pomenya chitseko ndi makiyi: "Yalla, yalla, dzukani, kuno si kuhotela." Ndinagonera pafupi ndi mayi wina wa ku Chipata amene anathawa kwa bwana wake. Atamva nkhani yanga anagwira pakamwa.

"Iwe sisi, kamba chabe uyende. Aja bali na ndalama, bazamvana okhaokha. Iwe uzaolera muno."

Ankanena zoona, ndipo ndinamuda chifukwa cha zoonazo. Mwezi unatha osatumiza kalikonse kwa ana anga. Ndinkapemphera, koma mapemphero anga ankasokonezeka ndi mafunso a mtsikana uja, ndipo ndinkamukwiyira kuti wandisiyira mafunso iye ali pabwino. Lolemba lililonse ankanditenga kukandifunsanso. Lolemba lina dzina la msewu wa ku Deira linafika pakamwa penipeni. Ndinalimeza chifukwa cha liuma chabe, poti kulimba mtima kunali kutatha kale.

Ananditulutsa Lachinayi masana, kunja kukutentha koopsa. Mlonda anangoti, "Tenga zako," ngati ndinali ndi zanga. Pa kauntala ndinapeza mtsikana uja ataima, atavala jinzi, zibangili zonse zili m'mikono mpaka m'zigongono. Amayi a ku Deira ankamubisira za ine, koma mmodzi pakamwa panamuyabwa. Anabwera yekha kudzanena kuti golide ndi wake ndipo palibe anaba. Wapolisi anamuuza kuti ndi munthu wamkulu, angathe kupita kumene akufuna. Koma chiphaso chake chokhalira m'dzikomo chinali m'dzina la bambo ake, ndipo panja panali galimoto, bambo ake, amalume ake awiri, ndi madamu akulira mogwira pamtima.

Sindinamuthokoze. Ndinamukalipira.

"Wabwereranji? Ndakhala chete nthawi yonseyi kuti udzadzipereke wekha?"

"Didi, ine sindikhulupirira kuti kumwamba kuli aliyense," anatero motsitsa mawu. "Ndiye ndinadziwa kuti ndikapanda kubwera, palibe adzakutulutseni."

Anandigwira dzanja, zibangili zikulira, kenako anatuluka n'kukalowa m'galimoto muja, pakati pa amalume ake. Sanatembenuke.

Ntchito inathera pomwepo, ndipo sabata yotsatira anandikweza ndege. Za iye sindinamvenso. Nambala yake inasiya kugwira ndisanafike n'komwe kwathu.

Tsopano ndimagulitsa kaunjika, ndimagona nditazimitsa nyale, ndimapita kuchimbudzi osapempha munthu. Ufulu ndimaudziwa pa zinthu zazing'ono ngati zimenezo, ndipo sundikomera mmene ndinkaganizira. Kutchalitchi andipempha kangapo kuti ndiimirire ndichitire umboni mmene Ambuye ananditsegulira zitseko za ndende. Ndimawauza kuti ndidzaima tsiku lina. Kupemphera ndimapempherabe. Koma amene ananditsegulira ndinamuona ndi maso anga, ndipo ndinaonanso chitseko cha galimoto chikumutsekera.