Mzere wa pa mwendo wa bambo

Bambo anga Chingerezi amachimva kuposa ine. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa anthu akamva nkhani iyi amathamangira kunena kuti mkuluyo sanamve zimene dokotala ananena. Ayi ndithu. Munthu anaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma pa ntchito, ndipo mpaka lero akandimva ndikuyankhula pa foni ndi anzanga a kuntchito amandikonza. Mawu onse anawamva bwinobwino, kungoti anawamva ndi makutu a kwathu.

Anabwera ndi mayi kuno ku Perth, ku Australia, kudzaona adzukulu. Masiku oyamba anakhala mwaulemu ngati alendo, kenako anayamba kuzungulirazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo tisanadziwe n'komwe anali atagalauza kapinga wa eni nyumba kuti adzale mpiru. Mchenga wa kuno sumeretsa kanthu usanaunyengerere, koma awauze ndani? Kumeneko ndi kumene waya wa mpanda unawakala bambo pamwamba pa kakolo. Kachilonda kosaoneka n'komwe, iwo n'kukabisa m'thalauzi. Ine namwino wathunthu, kudya nawo pa tebulo limodzi, osadziwa kanthu! Ndinadzazindikira atayamba kutsimphina, mwendo utatupa ngati mtondo, thupi lili gwagwagwa kunjenjemera.

Abale kumudzi amaganiza kuti kuno mabedi a m'chipatala amakhala oyalayala kudikira odwala. Bodza limenelo. Ku chipatala kumene ndimagwira ntchito, m'mawa uliwonse funso loyamba limakhala lakuti ndani angatuluke lero, chifukwa pansi pali anthu amene agona pa machira m'khonde, ndipo panja maambulansi andanda kudikira kuti atsitse ena. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno palibe wogona pa simenti. Bambo tinawatengera ku chipatala china chapafupi ndi kwathu, ndipo nawonso anaidikira nthawi yawo m'khonde asanapeze bedi. Anawaika kapaipi pa mkono, mankhwala n'kumalowa m'mitsempha.

Amene anavutika kwambiri ndi mayi. Iwo anapita atakonzeka monga timachitira kwathu: zitenje ziwiri, fulasiki, kabeseni, sopo. Kwathu wodwala sagona m'chipatala yekha. Pamakhala gadiyani, wachibale womusambitsa, kumuphikira, kumutembenuza, n'kumagona pansi pafupi ndi bedi. Ndiye nthawi yoona odwala itatha, ndinawauza kuti tizipita.

“Tizipita kuti? Nanga abambo ako awasambitsa ndani?”

“Anamwino, amayi.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Anamwino ake ngati iweyo?”

Kwa iwo, kusiya mwamuna wawo m'manja mwa anthu osawadziwa kunali kumutaya, ndipo masiku onse amene bambo anali mu wodi, mayi ankadya ngati akumwa mankhwala.

Tsiku la nkhaniyi ine ndinali ku ntchito, foni nditaitsekera m'kabati. Kwa bambo kunali mayi ndi amuna anga, amene amayendetsa makina onyamula katundu ku Kewdale ndipo tsiku limenelo ankalowa masana. Kunabwera dokotala wachitsikana waulemu wake, n'kukhala pa mpando pafupi ndi bedi. Anati mankhwala otsalawo akalandirira kunyumba, namwino azibwera komweko. Kenako anamwetulira n'kuwonjezera kuti kunyumba akapumula bwino, ali pakati pa abale awo. Bambo anathokoza mwaulemu, n'kupempha jekete lawo. Amuna anga, osalakwa, ananyamula zikwama akuimba mluzu, n'kuwatula kunyumba apongozi awo, iwo ulendo ku ntchito.

Tsono mvetsani. Kwathu chipatala chikakutulutsa usanachire, n'kukuuza kuti ukapumule pakati pa abale, aliyense amadziwa tanthauzo lake. Palibe amafunsanso. Akulu awo a bambo anawatulutsa ndi mawu omwewo pa chipatala cha boma kwathu, ndipo anali bambo amene anawakweza pa ngolo kubwerera nawo kumudzi. Mwezi sunathe. Ndiye apa mwendo ukadali wotupa, kapaipi kakadali pa mkono, dokotala akumwetulira mwachifundo chotero, bambo anangowerengera okha n'kupeza yankho.

Mayi anaimba foni imodzi yokha, kwa mayi wina wa chigwirizano ku tchalitchi kwathu. Imodzi yokha! Amalawi a ku Perth mukawafuna pa msonkhano amati ali pa shifiti, koma nkhani yotere imawapeza ngakhale ali m'bafa.

Nditatsika sitima madzulo n'kukhota kulowa mu msewu wathu, ndinaona magalimoto mbali zonse ziwiri. Pakhomo nsapato mulu. M'galaja azibambo atakhala pa mipando ya pulasitiki, akuyankhula motsitsa, ndipo atandiona onse anaweramitsa mitu. M'nyumba munkamveka nyimbo ija ya pang'onopang'ono imene sitiimba pa ukwati. Sindikumbuka kuti chikwama ndinachiponya pati. Ndinadumpha azimayi amene anadzaza pa balaza, n'kukankha chitseko cha kuchipinda.

Bambo anali atakhala tsonga pa bedi, atavala malaya oyera ndi tayi, akugawa katundu. Njinga yawo inali itapita kale kwa mwana wa mlongo wawo, mabuku kwa abusa a kumudzi. Atandiona anati, “Wafika bwino, mwanawe. Khala pansi. Za kunditumiza pa ndege musadzipanikize nazo, koma ngati mungathe, kwathu n'kwathu.”

Ine mtima wanga ndi wapachala, a m'banja mwathu amadziwa. Mantha aja anasanduka ukali nthawi yomweyo. Ndinakalipa, ndipo nyimbo ija inadukira pakati. Ndinawauza kuti palibe amene akufa muno, kuti ichi chimatchedwa chipatala cha kunyumba, kuti m'mabuku a chipatala iwo akadali wodwala wogonekedwa, kungoti bedi lake ndi lawo lomwe. Namwino azibwera ndi mankhwala tsiku lililonse, dokotala aziwaona pa kanema. Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma.

Anandimvetsera modekha ngati akumvetsera mwana wa sukulu amene akunama bwino. Kenako anati, “Ukanakhala mphunzitsi ndikanakukhulupirira. Inu anamwino amakuphunzitsani kutonthoza anthu. Komanso ndiwe mwana wanga, ungandiuze zoona iwe?” Anaphimba kapaipi kaja ndi dzanja linalo. “Mankhwala otsalawo akapatse ana amene moyo uli patsogolo pawo. Ine asandiwonongere.”

Apo ndiye ndinachita mantha enieni. Matenda a mwendo otere ndimawadziwa. Ukadukiza mankhwala amabwerera ndi mphamvu, amalowa m'magazi, ndipo munthu umataya mwendo kapena moyo umene. Bambo sankafa, koma akanatha kudzipha ndi ulemu wawo womwewo, ine ndikuyang'ana.

Tili pomwepo, kunja kunaima kagalimoto koyera. Anatsika namwino wa chipatala cha kunyumba uja, mayi wamfupi wonenepa bwino, atanyamula zikwama ziwiri ndi kachitsulo kopachikapo diripi. Ataona nsapato ndi nkhope za m'galaja anabwerera m'mbuyo kukayang'ananso nambala ya nyumba. Kenako anamva wina akunong'ona m'Chichewa, ndipo anafuula m'Chinyanja cha ku Lusaka, “Imwe bantu, kuli malilo pano? Nani wamwalila? Ine nabwela kuli odwala mwendo!”

Atalowa kuchipinda ndinamufotokozera mwachidule. Anaseka mpaka kukhala pansi pa mpando, koma ataona nkhope ya bambo analeka. Bambo anamufunsa m'Chingerezi chawo cha m'kalasi chija kuti ngati chipatala sichinawataye, chawachotseranji pa bedi.

“Ba tate, nikuuzeni chilungamo,” anatero. “Mabedi ni yang'ono, odwala ni bambili. Bedi yanu tapasa munthu wamene adwala maningi kuchila imwe. Ise timatuma kunyumba bamene bayamba kupola. Bamene tiopa kuti bazafa sitibachosa, iyayi.”

“Wodwala kuposa ine?” Bambo anakwinya nkhope. Ndinaona kuti zawakhudza penapake. Munthu wavala tayi, wagawa njinga, anthu asiya ntchito zawo, kenako wina akuti matenda ako ndi ochepa! Koma dzanja sanalichotse pa kapaipi paja. Anati mawu okoma awamva ambiri lero.

Namwino uja sanalimbane nawo. Anatulutsa cholembera chakuda chija chosafufutika msanga, n'kuyang'ana m'chipindamo. “Gadiyani ni ndani pano?”

Mayi anali atakhala pansi pa kona chiyambire, maso ali psuu. Atamva liwu limenelo anadzuka ngati aitanidwa dzina. Anamanganso chitenje. “Ndine.”

Namwino anawagwira dzanja n'kuliyendetsa pa mwendo wa bambo, kuchokera pamene pakutentha kukafika pamene payamba kuzizira. Anawauza kuti pa khungu lakuda ngati lathu kufiira sikuoneka bwino, ndiye dzanja ndi limene limaona. Kenako anawapatsa cholembera kuti azungulize mzere m'malire mwa chotupacho. Mayi anajambula pang'onopang'ono, lilime lili panja, ngati akudula nsalu ya eni ake.

“Manje ba tate, tipangane. Lekani niike mankhwala lelo. Mailo kuseni muone mweka. Kutupa kukajumpha mzele uyu, ninshi ise tonse ni ba boza. Kukabwelela mukati, muzatipepesa.”

Bambo anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Mayeso amawalemekeza munthu uja. “Chabwino,” anatero, n'kutambasula mkono. “Mawa tichonga.”

Diripi ikudontha, namwino anawaphunzitsa mayi ntchito yawo: kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kena kopana chala, ndi tabuleti imene dokotala azionekerapo. Mayi amene foni yawo yomwe amati imawavuta anagwira zonse kamodzi. Alendo aja anabalalika mwamanyazi pang'ono, koma anayamba adya mandasi ndi tiyi zimene anabwera nazo okha, ndipo m'galaja munayamba kumveka za mpira.

M'mawa kutacha mayi anandigwedeza phewa. “Tabwera udzaone.” Anali atayala zitenje zawo pansi pafupi ndi bedi la bambo, ngakhale kuti bedilo ndi la anthu awiri. Anakweza bulangeti. Chotupa chinali chitabwerera m'kati, kusiya mpata wokwana chala pakati pa icho ndi mzere, ndipo khungu la pampatapo linali litachita makwinya. Ndinalira, ine wokalipa dzulo uja.

Bambo anapempha magalasi awo. Anawerama, anayeza ndi chala chawo, anayezanso mbali ina. Kenako anavula magalasi n'kunena kuti, “Wakhoza namwino uja.” Anatembenukira kwa mayi. “Kodi mpiru wanga alipo wauthirira? Ndipo muwaimbire a kumudzi, njinga ija asaikhudze.”

Mayi analuluta m'nyumba ya eni ake m'mamawa, mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.

Masiku otsatirawo m'nyumba mwathu munali boma latsopano. Gadiyani sankalola munthu kuyandikira mwendo uja osasamba m'manja, ngakhale ine. Ndikati ndione kutentha kwa thupi ankati ndikaone odwala anga ku ntchito. Dokotala akaonekera pa tabuleti, mayi ankayamba agwada n'kumufunsa mmene wadzukira, ndi a kunyumba kwake omwe, kenako n'kupereka lipoti lonse m'Chichewa, bambo akumasulira n'kumachotsamo zimene sanazikonde. Iwo ankavala tayi pamwamba, kumunsi kabudula wogonera. Adzukulu ankapikisana kugwira tabuleti, akuseka Chingerezi cha agogo awo, agogo nawo akuseka chawo. Sindinawaonepo makolo anga akusangalala ndi matenda chotero.

Kuchokera nthawi imeneyo, ku wodi kwathu ndikamauza wodwala kuti akamalizira mankhwala kunyumba, ndimayamba ndi mawu akuti mukuchira. Ndimawanena kawiri, makamaka kwa okalamba obadwira kutali ngati ife, ndipo ndimayang'ana nkhope kuti ndione ngati afika.

Tsiku lomaliza namwino wa ku Lusaka uja anachotsa kapaipi, anamata kathonje, n'kunena kuti basi, chipatala chawatulutsa. Bambo anayang'ana uku ndi uku m'chipinda chawo chomwe. “Mwanditulutsa ndipite kuti tsopano? Kunyumba ndili kale.” Tinaseka tonse, ndipo mayi anamupatsa mpiru wodzaza jumbo, woyamba kuthyola m'dimba lija.

Galimoto yake itapita, bambo anakhala pa khonde mwendo uli pa kampando. Mzere uja unali utayamba kuzilala, ukuzungulira mwendo wabwinobwino wopanda chotupa. Anauyendetsa chala mozungulira, n'kunena osandiyang'ana, “Achimwene anawauza mawu omwewa, ukudziwa. Omwewa ndithu. Kungoti iwo panalibe anawatsatira kunyumba.”

Mayi anatulukira ndi kabeseni kawo kaja, madzi ofunda ndi sopo, n'kugwada kuti achotse inkiyo. Bambo anabweza mwendo msangamsanga.

“Usiyeni,” anatero. “Uchoka wokha.”