Abwera ndi tsabola kudzatenga galu

Monire nonse.

Paja ndinati ndikumufunira pokhala Tiyese, galu uja ndinamutola m'ngalande ku Ching'ambo, amene amanjenjemera akangoona munthu wanyamula ndodo. Lero alamu anditumizira mnzawo wa ku Mchengautuwa, bambo Nyirenda, kuti adzamutenge.

Atangolowa pageti aponda pansi mwamphamvu n'kukuwa kuti, "Gwira!" Galu wakodza pomwepo, n'kukabisala kuseri kwa matumba a makala. Iwo kuseka. Akuti, "Ngwamantha chomene uyu, koma ndimukonza. Ndikamutsekera m'bokosi la mdima, chakudya ndizimuthirira tsabola. Azidzaluma aliyense."

Ine ndimayesa nthabwala. Ndangoona apisa m'thumba la jekete, atulutsa tsabola wa kambuzi wokulunga m'pepala. Munthu wamkulu, tayi pakhosi, kukwera minibasi ndi tsabola m'thumba kuti adzadyetse galu woti nthiti zili pamtunda!

Ndawauza kuti galuyu sapita kulikonse. Akuti ndikulera galu ngati mzungu. Ndati yewo, geti ndi ilo.

Tiyese watuluka madzulo ano, akunjenjemerabe, ndipo wakana kudya mpaka nditakhala naye pansi. Alamu aimba kale foni kuti ndawachititsa manyazi. Abale, ndalakwa pati? Ngati mukudziwa munthu wofatsa, wosakuwa, woti angamusunge galuyu, ndiuzeni.

Alamu, tsabola uja anzanu amuiwala pakhonde. Mudzamutenge mukawathirire m'ndiwo, mwina angalimbe mtima n'kumalondera okha nyumba yawo.