Chingwe cha Boma M'munda mwa Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene wailesi inkatiopseza tsiku ndi tsiku kuti chombo china cha azungu, chimene chinakhala chikuzungulira m'mlengalenga, chatopa ndipo chigwa, koma palibe ankadziwa kuti chigwera pamutu pa ndani. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma bambo anali mphunzitsi, ndipo boma linawatumiza pasukulu ina kummwera kwa Mzimba, chapafupi ndi msewu wa ku Embangweni. Malipiro awo ankatha mwezi usanafike n'pakati pomwe. Chimene chinkatisunga ndi munda umene mayi wina woyandikana nafe, NyaJere, anawabwereketsa amayi.

Chaka chimenecho tinachedwa kukolola chifukwa amayi anali ndi khanda. Anzathu anali atadzaza kale nkhokwe zawo, ife chimanga chathu chikadali m'mikukwe kumunda. Kumeneko kuchedwa kotere n'koopsa. Anthu akamaliza kukolola amamasula ng'ombe kuti zizidya mapesi m'minda yonse, ndipo sizisankha kuti uwu ndi munda wa mwini mudzi kapena wa mlendo.

Loweruka lina m'mawa amayi anandituma kuti ndikayambe kusenda chimanga, iwo anditsatira akasambitsa mwana. Pakati pa munda ndinapeza chinthu chimene dzulo lake panalibe. Chinali chitsulo chobulungira ngati mtsuko waukulu, chakuda ndi kupsa, theka lake litalowa m'nthaka. Udzu wozungulira unali utawauka, ndipo panali fungo ngati la batire lophulika. Ndinathamangira kunyumba kukanena.

Bambo atachiona sanachedwe. Anavala tayi, n'kupopa njinga. Amayi anawagwira chiwongolero.

"Bambo a Esinati, tiyambe takolola. Chitsulocho chilibe miyendo, mukanena Lolemba."

Bambo anayankha kuti wailesi yanena kuti aliyense woona chachilendo akanene msanga, osachikhudza. Ananyamuka ulendo wa kuboma. Pano ndimadziwa kuti anali ndi mantha. Wina akanawatsogolera kukanena, nkhani ikanakhala yakuti mphunzitsi wobwera anabisa chinthu cha adani m'munda mwake, ndipo masiku amenewo aphunzitsi ankasowa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi. Koma tsiku limenelo ndinangoona munthu wosamva za mkazi wake.

Madzulo ake kunabwera galimoto ya polisi ndi mpukutu wa chingwe cha khonje. Ine ndinkayesa kuti azinga chitsulo chokhacho. Ayi ndithu. Anakhoma zikhomo kuzungulira munda wonse, mikukwe yathu yonse n'kukhala mkati. Anasiya wapolisi mmodzi, a Chimbalanga, ndi anyamata awiri a chipani. Tcheyamani wa chipani wa deralo anaimirira pachulu n'kulengeza kuti chinthucho mwina n'cha adani ofuna kuzonda dziko lathu kuchokera kumwamba, kapena n'cha dziko lina laubwenzi limene lidzachifuna. Mulimonsemo inali nkhani ya chitetezo cha dziko. Munthu aliyense asalowe m'chingwemo mpaka akatswiri atabwera kuchokera kulikulu. Anthu anaomba m'manja, chifukwa kusaomba kunalinso ndi mlandu wake.

Kenako tcheyamaniyo anawauza amayi kuti, popeza nyumba yathu ndiyo inali pafupi, aziwaphikira alondawo. Tangoganizani! Ufa wotsala wa chaka chatha unayamba kudyetsa anthu otiletsa kukolola chimanga cha chaka chino, ndipo wonyamula mbale kupita nazo kumunda ndinali ine.

Sabata inatha, ina n'kutha. Akatswiri osaoneka. Amayi ankapita kuchingweko mwana ali kumbuyo, kukapempha kuti awalole kuchotsa ngakhale mikukwe ya m'mbali yokha, imene inali kutali ndi chitsulo. A Chimbalanga sanali munthu woipa. Ankavula chipewa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, ine ndine wotumidwa. Ndikakulolani, mawa ndiye kulibe ntchito." Alondawo nawonso sankalowamo. Ankachilondera chitsulocho chapatali, akusewera bawo pansi pa mtengo wa muwanga.

NyaJere anayesetsa. Ng'ombe zake anapitiriza kuzidyetsera kudambo, ndipo anayenda khomo ndi khomo kupempha anzake kuti adikire pang'ono. Koma msipu unali utauma, ndipo sungauze mudzi wonse kuti ziweto zawo ziwonde chifukwa cha munda umodzi wa anthu obwera.

Tsiku limene zinalowa ndinali nditasenza chakudya cha masana. Ndinamva kaye phokoso la mapesi akuthyoka, kenako ndinaziona. Zinali zambiri, zofiira ndi zamawangamawanga, zitagwetsa chingwe mbali ya kudambo, zikusolola ngala m'mikukwe yathu mwachifatse.

"Ng'ombe zalowa! Zipirikitseni!" ndinakuwa.

Mmodzi wa anyamata aja sanadzutse n'komwe mutu pabawo. "Ife anatiuza za anthu," anatero.

Sindikumbukira kutula mbale. Ndinangopezeka ndadutsa pansi pa chingwe, ndikugenda ng'ombe ndi zibuma, ndikulira ndi ukali. Ndikapirikitsa ziwiri uku, zinayi zinkalowera uko. Alonda atatu aja anaimirira kunja kwa chingwe akundikalipira kuti ndituluke, koma palibe analimba mtima kulowa kudzandigwira, poti akanaswa lamulo limene ankalondera. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi sindidziwa kuti ndiseke kapena nditukwane.

Mpweya utandithera ndinatuluka ndekha, ndipo anandigwira. Anaitana tcheyamani, n'kukawatulutsa bambo m'kalasi choko chikadali m'manja.

"Aphunzitsi," anatero tcheyamani, "mwana wanu wanyoza boma pamaso pa anthu. Kodi n'zimene mumaphunzitsa kunyumba kwanu?"

Bambo anayang'ana tcheyamani, anayang'ana anyamata aja. Kenako anathyola kanthambi kamene kanali pafupi, n'kundikwapula pomwepo. Sanandiyang'ane kumaso ngakhale kamodzi. Kumbuyo kwawo ng'ombe zinkapitiriza kudya, ndipo phokoso la mano azo pa chimanga chathu ndinkalimva bwino kuposa chikwapucho.

NyaJere anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja. Anandikokera kumbuyo kwake, n'kumuyang'ana tcheyamani m'maso. "Ng'ombe zikulimanya yayi boma," anatero m'Chitumbuka, kenako anabwereza kuti nafenso timve. "Ng'ombe sizidziwa boma, adada. Mbwenu mwana yekhayu ndiye walondera munda, ndipo ndi amene mukumumenya." Anaima kunja kwa chingwe n'kuyamba kuitana ng'ombe zake mayina. Zake zinatuluka, koma zambiri zinali za eni ake ena.

Akatswiri anabwera munda utasanduka bwalo. Anali amuna awiri ovala majekete. Mmodzi anachigogoda chitsulocho ndi nsonga ya nsapato, anauzana zinazake m'Chingerezi, n'kuchikweza m'galimoto. Sanakhale nthawi yokwanira n'kumwa tiyi komwe. Sitinauzidwe kuti chinali chiyani, kaya chidutswa cha chombo chija kapena cha china. Wailesi inali italengeza kale kuti chombocho chinagwera kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Chingwe anachisiya pomwepo, ndipo amayi anachitenga n'kumayanikapo matewera. Chimanga chimene tinatola pansi sichinabise ngakhale pansi pa nkhokwe.

Njala inatipeza mvula itangoyamba. Bambo, amene anayamikiridwa pamsonkhano kuti ndi nzika yatcheru, ankapita kukalasi atamwa madzi okha. M'mawa wina NyaJere anafika ndi chipanda cha mkaka wowawasa, n'kuchiika pakhonde.

"Anyina Esinati, chimanga chanu chili m'mimba mwa ng'ombe. Mbwenu mkaka uwu ngwanu. Musati yewo, ndapota."

Ankabwera nacho pafupifupi tsiku lililonse mpaka chimanga chachiwisi chitacha, ndipo anachititsa manyazi eni ng'ombe ena mpaka nawonso anayamba kutumiza. Mlongo wanga wakhanda uja anakula chifukwa amayi ankamwa mkaka umenewo.

Bambo ndinawasungira chakukhosi zaka zambiri. Anadzaitchula nkhaniyi kamodzi kokha, ine nditakwatiwa kale. Anati, "Ndikanapanda kukukwapula tsiku lija, galimoto ija ikananyamula ine." Ndinawakhulupirira, ndipo ndinawakhululukira. Koma chimanga chija sichinandichoke pamtima.

Masiku ano mdzukulu wanga amandionetsa pafoni nkhani zakuti mayiko akuluakulu akukhazikitsa asilikali oteteza masetilaiti awo kumwamba. Amandifotokozera moleza mtima, ngati ndine mwana, kuti popanda zitsulo zimenezo foni sizingagwire ntchito ndipo sitingadziwe za mvula. Sinditsutsa. Zinthu zofunika ziyenera kutetezedwa, ndipo ndikudziwa tsopano kuti a Chimbalanga ndi bambo anali anthu amantha chabe, osati ankhanza. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mlonda amene wauzidwa chinthu choti alondere, koma osauzidwa anthu amene akuwalonderera, amatha kuonerera mudzi ukugona ndi njala ali phee pantchito yake. N'chifukwa chake ndikamva akuluakulu akutchula chitetezo, ndimamudula mawu mdzukulu wangayo n'kumufunsa funso limene palibe anafunsa pachulu paja: chingwecho akamanga, chimanga chotsalira mkatimo n'cha ndani?