Bambo anga, a Tchiyafu

Dzinali linabwera ndi mlangizi wa fodya. Anawapeza bambo anga m'chigafa kwathu ku Lisasadzi, matalala atangoboola munda wonse, iwo akusoka timasamba totsalato uku akuimba. Mlangiziyo anapukusa mutu n'kunena m'Chingelezi kuti sanaonepo mlimi tchiyafu ngati ameneyu. Anthu anafunsa ine tanthauzo lake, poti ndine mphunzitsi, ndipo ndinati ndi munthu wansangala, wosagwa nkhope. Basi, mudzi wonse unatola: a Tchiyafu.

Mawu amenewa ndimadana nawo, ndisaname. Dzina likakukhala umalisenza ngati mtolo wa nkhuni. Bambo sakanathanso kudandaula monga anthu ena onse. Chifuwa chitawagwira chaka chatha, ankatsokomola n'kumati ndi fodya akuwapatsa moni, anthu n'kumaseka. Ine ndinaona magazi pa kansanza kamene ankabisa m'thumba.

Ndinapita kwa ang'ono awo kukapempha ngolo yoti tiwatengere kuchipatala. "Iwe, munthu wodwala amaseka choncho?" anatero. Ndinachita kulalata mpaka anamanga ng'ombe.

Pachipatala chathu chaching'onocho, odwala akachuluka, namwino amayenda pamzere kusankha ooneka ofooka kuti alowe msanga. Ndinawanong'oneza kuti, "Bambo, chonde, lero lokha gwetsani nkhope. Buulani." Anayesa ndithu, abale inu. Anawerama kanthawi, koma pafupi panakhala mayi wina ndi khanda lolira, ndipo iwo anayamba kuliseweretsa ndi chipewa chawo. Benchi yonse inafa nacho chiseko. Namwino anatidutsa akumwetulira, amvekere, "Agogo awa ndiye ali bwinobwino." Ndinamutsatira, ndinafotokoza za magazi aja, iye anangoloza ena amene anagona pansi. Pamene tinkafika pachitseko, adokotala anali ataweruka. Akuti tibwerenso Lolemba.

Pobwerera, ngolo ikugwedezeka pakati pa minda yamapesi, bambo anandigwira dzanja. "Mwana wanga, zikundipweteka kwambiri. Ndatopa ine." Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akutero, ndipo mtima wanga unasweka. Ang'ono awo aja, amene ankayendetsa ngolo, anacheuka n'kuphulika nako kuseka, kuyesa kuti ndi nthabwala ina.

Lolemba silinawapeze.

Pamaliro anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzandipepesa, onse mawu ake omwewo: "Koma a Tchiyafu, kupita osadwala n'komwe!" Ine m'mawa womwewo ndinali nditachapa kansanza kaja.