Phulusa la Chidulo pa Mphumi za Akhristu

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga, ngakhale ansembe m'kachipinda kolapira. Chaka chilichonse Lenti ikayandikira, fungo la kanjedza wopserera limandipeza, ndipo ndimakwiya. Adzukulu amati agogo akalamba, akunyansidwa ndi kusala. Sadziwa kanthu.

Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi, ndisanaponde m'kalasi, chifukwa sukulu ndinayamba ndevu zili pafupi kumera. Ababa anali katekisiti pa tchalitchi chathu chaching'ono cha udzu chakufupi ndi Mpama. Kanjedza amene akhristu ankalandira pa Lamulungu la Kanjedza ankamusomeka kutsindwi chaka chonse, mpaka ade ndi mwaye. Lenti ikayandikira ankamubweza kwa ababa kuti awotchedwe, ndipo phulusa lake ndi limene ankatipaka pa Lachitatu la Phulusa.

Chaka chimenecho ababa anandipatsa ine ntchito yowotchayo. Linali Lachiwiri masana, mwezi wa njala, chimanga chili ndi ngayaye koma chisanakhwime. Ndinawotcha bwinobwino m'phale lalikulu kuseri kwa nkhokwe, phulusa lofewa, lakuda. Kenaka anzanga anandiitana kuti kudambo kwapezeka nzimbe. Ndinasiya phale pamtetete. Mvula ya ku phiri la Chiradzulu sichenjeza munthu. Pobwera ndinapeza phale ladzaza madzi, phulusa la mudzi wonse likuyenda m'ngalande kulowera kukhola la mbuzi.

Amayi ankasunga phulusa la zitsononkho m'kamphika, lochezera chidulo cha therere. Ndinatapa limenelo, ndinasakaniza ndi makala osinja kuti lide, n'kukapereka kwa ababa ndi manja awiri. M'mutu mwanga phulusa linali phulusa basi.

M'mawa mwake ansembe sanabwere chifukwa mtsinje unadzaza. Ababa anathira madzi odalitsidwa m'phulusa lija, n'kuyamba kulemba mtanda pamphumi pa aliyense, akumukumbutsa kuti ndi dothi ndipo kudothi adzabwerera. Tisanamalize nyimbo yachiwiri, anthu anayamba kudzikanda. Makanda analira. Pamphumi panga panatentha ngati pagwa tsabola, ine n'kungoluma mano. Pofika madzulo anthu ambiri anali ndi matuza ooneka ngati mtanda.

Apa ndi pamene anthu a kwathu amanditopetsa mpaka lero. Amayi onse a m'mudzimo ankacheza chidulo sabata iliyonse, ankadziwa kuti chimalasa. Koma palibe mmodzi amene ananena kuti ili ndi phulusa la kukhitchini. Onse anathamangira kuganiza za mankhwala a ufiti. Mayi Likaka, amene kamwana kawo kanatupa nkhope, anaima pabwalo pathu akufuula.

"A katekisiti, mwatidinda chizindikiro chanji? Mukufuna kukhwimira ana athu? Nanga inuyo bwanji chala chokha n'chimene chapsa?"

Atachoka, ababa anandiitana pakhonde. "Fabiyano, phulusa lija linali la kanjedza?"

"Eya, ababa."

"Lonse?"

"Lonse, ababa."

Sanafunsenso. Akanatenga mkwapulo ndikanaulula, nkhani ikanathera pomwepo. Koma iwo ayi. Anapita kwa akuluakulu a mpingo n'kunena kuti phulusa linadutsa m'manja mwawo, choncho mlandu ndi wawo. Anawalanda buku ndi makiyi, n'kuwauza kuti adikire mpaka Pasaka.

Lenti imeneyo inatalika ngati chaka. Munthu amene ankaima kutsogolo ankakhala pa benchi yomalizira, pafupi ndi chitseko pamene pankadontha. Mawu a Mulungu ankawerenga ndi munthu wina wodumpha mizere, ndipo ndinkaona milomo ya ababa ikukonza mwakachetechete. Mawerengo akenso anali ngati asankhidwira ine: mwana wolowerera amene anabwerera kwa atate ake, mkuyu wosabala umene anaupatsa chaka chimodzi. Ndinkawerenga mapaso a denga kuti ndisamve. Amayi ankapita okha kuchitsime. Therere tinasiya kudya, ndipo palibe amene ananena chifukwa chake.

Pa Lamulungu la Kanjedza tinayenda mdipiti, kanjedza watsopano m'manja, wobiriwira, wonunkhira madzi. M'tchalitchi anawerenga masautso a Ambuye. Anafika pamene Petulo akuwotha moto n'kukana katatu, tambala n'kulira, Ambuye n'kucheuka kumuyang'ana. Ine ndinawerengetsa: ndakana kawiri kokha, ndiye kuti Petulo wandiposa. Mtima unakhalako pansi.

Pobwerera kunyumba tinali awiri m'kanjira ka pakati pa chimanga, ababa patsogolo. Osacheuka n'komwe, anandipatsira kanjedza wawo kumbuyo.

"Ukasomeke kutsindwi. Chaka chamawa ukadzawotcha, phale udzalivindikire."

Ndiye kuti ankadziwa. Mwina anaona phulusa m'ngalande tsiku lomwelo, mwina amayi anawaonetsa kamphika. Anadikira masabata asanu kuti ndilankhule ndekha, ine n'kumangoyang'ana zala za kumapazi. Pasaka inabwera n'kupita, makiyi sanabwerere. Ababa anamwalira akukhala pa benchi yomweyo, ndipo mpaka lero alipo okalamba amene amati anali ndi zina zake.

Nditaphunzira kuwerenga, mutu wa Petulo uja ndi umene ndinayamba kuufunafuna. Ndauwerenga Lenti iliyonse, ndipo tsopano ndikuona kuti tambala uja anali chifundo, analira nthawi ikadalipo yoti munthu atuluke akalire. Ndili mwana ndinkamuona ngati kazitape woyalutsa anthu. N'chifukwa chake m'mawa wa Lolemba lotsatira Lamulungu la Kanjedza lija, tambala wathu wofiira atakwera pankhokwe n'kuyamba kulira, ababa ali pakhonde akunola khasu, sindinapite kukagwada pamaso pawo. Ndinatola mwala n'kumugenda.